Ngondo Wapita Kukasokedwa

4 Malichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno tikudzuka, kungoti ntchito ya kochapira zovala ija ikundimaliza msana. Foni yanu munaigwetsera m'beseni ija simunakonzetsebe? Mwandibwezera ku makalata ngati mtsikana wa kusukulu yogonera komweko.

Nkhani ndi iyi. Madokotala atipatsa tsiku. Kamphuno adzagonekedwa pa 6 Meyi kuti amuwongole mwendo uja. Akuti akakhalako milungu itatu, ndipo mwana aliyense amaloledwa kutenga chidole chimodzi. Kwa mwana wanuyu chidole chilipo chimodzi chokha padziko lonse, chimbalangondo chimene amachitcha Ngondo. Inu simunachionepo, ndinagula mutabwerera kale. Wandiuza mosapita m'mbali kuti popanda Ngondo iye kuchipatalako sakagonako, ndipo mukudziwa kuti wa zaka zisanu ameneyu akanena wanena. Anatengera inu.

Tsono Ngondoyo watha. Dzanja lamanja likulendewera pa ulusi umodzi, ndipo kukhwapa kwamanzere kuli bowo. Atelala a kuno ndikuwaopa, angangomupondereza pa makina ngati thumba. Ndamupereka kwa dalaivala wa lole amene amakhala moyandikana nafe, akudutsa kwanuko sabata ya mawa. Ananyamuka ndisanalembe, ndiye kalatayi ikubwera pa positi.

Chonde achemwali, mungosoka dzanjalo ndi kutseka bowolo, basi. Musamuchape. Ndikudziwa kuti ndi wakuda, ine ndemwe ndimachita naye manyazi moti masiku a kiliniki ndimamusiyitsa kunyumba. Koma tsiku lina nditamuchapa, mwana anakana chakudya masiku awiri. Khutu lamanzere lopanda ubweyalo musalikhudzenso, ndi limene amayamwa akamagona.

Kuti alole kusiyana naye ndamuuza kuti Ngondo watsogola kuchipatala cha amayi aakulu, akaone kaye m'mene kumakhalira. Abwere isanathe Epulo.

Mundilembere za zidole zanu zija, zikuyenda?

Ndine mng'ono wanu.


11 Malichi

Mng'ono wanga wokondedwa,

Moni wa mafuta kwa iwe ndi Kamphuno. Kuno tili bwino, alamu ako akadali pa njinga zawo zomwe zija, kukonza ziwiri kuwononga imodzi.

Dalaivala wako wafika Lachiwiri. Anangoponya phukusi pakhonde, kuliza hutala, ulendo. Ndasanthula pepala lonse kufuna kalata, ayi ndithu. Kenaka ndinakumbukira kuti chaka chatha unalonjeza kunditumizira chidole cha m'sitolo choti nditengereko pateni. Wachita bwino kukumbuka! Koma iwe, unachitola kudzala? Fungo lake ndinachita kutsegula mawindo. Khutu limodzi ndi dazi ngati mutu wa alamu ako.

Komabe ndisaname, sindinaonepo chinthu chosokedwa mwanzeru chonchi. Zidole zanga zija ukuzidziwa, nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zimatuluka zaphwatalala ngati zasitidwa. Ichi chimakhala pansi chokha! Mutu umatembenuka, manja ndi miyendo zimazungulira. Masana onse ndinangokhala pa mpando ndikuchitembenuza, mpaka mtima unakana. Ndinatenga lezala.

Mng'ono wanga, muli zidutswa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mutu wokha zitatu, ziwiri za m'mbali ndi kamodzi kooneka ngati lilime, kochokera pamphuno kukafika kunkhongo. Kameneko ndi kamene kamatulutsa mlomo kutsogolo, ine zaka zonsezi ndimangosokerera mphuno pamwamba ngati batani. Polumikizira dzanja pali timatayala tiwiri ta katoni yolimba, kena mkati mwa dzanja kena mkati mwa thupi, tagwirana ndi kawaya kopinda. Maso ali ndi kangowe kumbuyo, ulusi wake amaukokera mpaka kunkhongo kuti alowe mkati pang'ono. N'chifukwa chake chimakuyang'ana ngati chikuganiza.

Zidutswa zonse ndazichapa madzi atatu. Ukudziwa kuti chidolechi sichabulauni? Ndi chachikasu ngati uchi! Ndajambula pateni pa katoni, ndipo ndasoka kale ziwiri pa bulangete lakale. Choyamba chinatuluka ngati khoswe wodwala mano, koma chachiwiri aphunzitsi a kusukulu ya mkaka atachiona sanafune kuchisiya pansi.

Chimodzi chokha chandizunguza mutu. M'mimba mwake a fakitale anaikamo tizidutswa ta siponji totuwa. Koma mbali ya kumanzere ndapezamo timipira ta thonje loyera, tofinyidwa zolimba, khumi ndi tinayi, kalikonse kali ndi kadontho kofiirira pakati. Alamu ako akuti ndi ntchito ya makoswe. Ine ndati khoswe wake uti waudongo chonchi? Takangana mpaka tiyi kuzizira. Ndatisunga m'chitini cha mabatani. Ukadutsa kusitoloko ukawafunse kuti timagwira ntchito yanji, mwina ndi mankhwala oletsa njenjete.

Nanga madokotala anenapo za tsiku la mwendo wa mwanayo? Undiuze msanga.

Ndine mkulu wako.


20 Malichi

Achemwali,

Moni ndidzapereka tsiku lina. Kalata yanu ndaiwerengera kuntchito, ndinachita kukhala pansi pa mulu wa mashiti a eni ake.

Mwaphwasula Ngondo? Mwamuchapa madzi atatu? Kalata yanga ya pa 4 simunailandire? Chimenecho si chitsanzo cha m'sitolo, ndi chidole cha Kamphuno, chimene akuyenera kukagona nacho kuchipatala pa 6 Meyi. Ndinapempha zinthu ziwiri zokha, kusoka dzanja ndi kutseka bowo la kukhwapa. Inu chiyambire simungaone chinthu osachitsegula. Wailesi ya malemu bambo ija munaimasula muli ndi zaka khumi, mpaka lero sinalankhulenso.

Ndakwiya, achemwali, sindibisa. Koma kuposa mkwiyo ndili ndi mantha. Mwana ameneyu manesi onse amamutama kuti ndi wolimba mtima. Amamutenga magazi iye ali duu, osagwetsa msozi ngakhale umodzi, ana anzake akugubuduka pansi. Chinthu chokha chimene wapempha pa matenda onsewa ndi Ngondo. M'mawa uliwonse akundifunsa kuti, "Amama, Ngondo amupanga kale opaleshoni? Analira?" Ine ndimayankha kuti ayi, akupeza bwino. Tsopano ndimuuza kuti chiyani, kuti ali zidutswa khumi ndi zisanu ndi zinayi pa chingwe choyanikira?

Ndalowa m'masitolo atatu kufuna wina wofanana naye. Mulibe, ndipo ngakhale akanakhalamo, Kamphuno sangapusitsike.

Za timipira ta thonjeto sindikudziwa kanthu, ndipo pakadali pano sindikufuna kudziwa. Mumubwezeretse m'mene analili. Khutu lopanda ubweyalo ngati mwalitaya mukalifune kudzala komweko.

Mng'ono wanu.


29 Malichi

Mng'ono wanga,

Makalata ako onse awiri afika dzulo tsiku limodzi, yoyamba ija itadindidwa zidindo za mapositi atatu. Kaya inakayenda kuti. Ndinayamba kuwerenga ya pa 4, ndipo nditafika pa mawu akuti musamuchape, ndinaika kalatayo pansi. Yachiwiri ndinachita kupempha alamu ako kuti andiwerengere.

Pepa, mwana wa amayi. Ndalakwa ndipo ndilibe chonamizira. Khutu lothothoka lija linayenera kundiuza kuti chidolechi chili ndi mwini wake, koma ine maso anali pa misoko. Za wailesi wanena zoona, ngakhale kuti iwe ndi amene unandigwirira sikuludiraiva.

Khutulo lilipo. Telala sataya kanthu, siponji yakenso yonse ili m'jumbo. Chimene sindingabweze ndi litsiro ndi fungo. Alamu ako akuti timugoneke m'shedi ya njinga sabata imodzi, ndawayang'ana diso limodzi n'kusiya.

Ndayamba kumulumikiza, pamanja, osati pa makina, singano ikudutsa m'mabowo akale omwewo kuti asachepe kapena kukula. Thupi labwerera bwinobwino, miyendo yakhala. Vuto ndi nkhope. Ndasoka mutu katatu, katatu konse ndamasula. Koyamba anatuluka wokwiya ngati kondakitala. Kachiwiri wodabwa. Kachitatu wokongola kwambiri, koma mlendo, ngakhale ine amene ndinakhala naye tsiku limodzi lokha ndinaona kuti si iye. Nsalu yomweyo, maso omwewo, ulusi wa pamphuno womwewo. Ndiye nkhope ya chidole imakhala pati? Ndikakoka ulusi wa diso pang'ono pokha, munthu wasintha. Ndikasuntha khutu theka la chala, wasinthanso. Zaka makumi awiri ndikusoka sindinadzifunsepo funso limeneli.

Undithandize. Chithunzi chake uli nacho? Ngati ulibe, umufunse Kamphuno mochenjera kuti Ngondo amayang'ana bwanji. Usamufotokozere chifukwa. Ulembe mawu ake enieniwo, usawakonze.

Iyeyo akudya? Mwendo ukumupweteka? Nanga iwe msanawo? Undikalipire ndithu m'kalata yotsatira, koma undiyankhe.

Ndine mkulu wako wolakwa uja.


10 Epulo

Alamu,

Landirani moni kuchokera kwa ine wa njinga. Kulemba kalata si ntchito yanga, mukhululuke zilembo zopendamazi. Mkulu wanu sakudziwa kuti ndalemba.

Poyamba ndiulule. Tsiku lija lezala ndinapereka ndine. Ndinkafunitsitsa kuona chimene chimazunguza mutu wa chidolecho, ndiye ndinati tatsegula tione. Mukamagawa mkwiyo mundisungireko theka.

Kalata yanu yaifupi ija tailandira. Chithunzi mwati mulibe, koma mwanayo akuti, "Ngondo amayang'ana ngati akufuna kundifunsa kanthu koma akudikira ndimalize kulankhula." Mkulu wanu anapachika kalatayo pamwamba pa makina. Masiku atatu wakhala akusuntha maso ndi makutu kufuna nkhope yofunsayo, osaipeza. Mutu wasokedwa kasanu ndi kawiri tsopano. Kunyumba kuno tikudya mochedwa, ndipo sindikudandaula mokweza.

Dzulo ndinatenga timatayala ta m'khosi kuti ndiikemo kawaya katsopano, kakale kanathyoka pomasula. Ndinadula sipoko ya njinga. Ndikuyang'anitsitsa ndinaona kuti katayala kamodzi kanadyeka mbali imodzi, monga imachitira buleki ya njinga imene mwini wake amatsamira kumodzi. Ndiye kuti mwanayo amamukumbatira pakhosi, mbali yomweyomweyo, zaka zonsezi. Ife pokonza timatembenuza kodyekako n'kumangitsa kuti mutu uime chilili. Ndinabwezera m'mene kanalili, kawaya ndinamanga mosalimbitsa. Mutu unangoti pendekeke kumanzere.

Alamu, mkulu wanu anakuwa mpaka wa sitolo ya pafupi anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndi yemwe uja anatsika pa lole. Akukufunsani kanthu ndithu.

Kwatsala dzanja ndi kumuika siponji. Mumulembere mawu abwino pang'ono mkulu wanuyu, waonda. Ndipo mundiuze, kuchipatalako mabedi ake ndi opukusa ndi chogwirira kapena amagetsi? Ndimangofuna kudziwa.

Ndine mlamu wanu.


21 Epulo

Mng'ono wanga,

Kalata ino ndaibaya ndi pini pachifuwa pa Ngondo, aliyense wofuna kuisocheretsa asocheretse onse awiri. Dalaivala ndamuuza kuti akaponyanso phukusi pakhonde adzandidziwa.

Dzanja ndasoka ndi ulusi wowirikiza, silidzagwanso. Khutu lake lili pamalo pake. Siponji ndi yake yomwe, ndangowonjezera pang'ono m'miyendo.

Tsopano khala pansi. Bowo la kukhwapa sindinatseke.

Usanang'ambe kalatayi, tamva. Ndinali nditalowetsa kale ulusi pa singano. Koma pogwira m'mphepete mwake ndinaona kuti silikufanana ndi kung'ambika. Nsalu ikang'ambika yokha imasiya ulusi uli nyankhalala, ndipo bowo limapita motalika kutsata msoko. Ili ndi lozungulira, m'mphepete mwake mosalala, ubweya unatha mozungulira ngati pakhomo pamene anthu amapondapo tsiku ndi tsiku. Chala changa chachikulu sichilowa. Kachala kakang'ono ka kumapeto kamalowa ndendende. Ndipo timipira ta thonje tija tinali pansi pa bowo lomweli, osati kwina.

Sindikudziwa kuti mwanayo amachita chiyani pamenepa, ndipo chidwi chikundipha. Koma ndaphwasula kale chinthu chimodzi ndisanafunse, sindikufuna kutsekanso china ndisanafunse. Ndangopita ndi ulusi m'mphepete kuti lisakule. Timipira tonse khumi ndi tinayi ndabwezera m'malo mwake. Ukaona kuti ndalakwanso, kutseka ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ngakhale iwe wa manja awiri amanzere ungathe.

Umupsompsone Kamphuno pamphuno pakepo. Undilembere tsiku lomwelo, usandisiye m'malere.

Ndine mkulu wako.


5 Meyi

Okondedwa achemwali,

Moni, ndi moni wa tsiku lija ndinakumanani uja. Alamu muwauze kuti mabedi ake ndi opukusa, ndipo theka la mkwiyo wawo ndataya.

Phukusi linafika Lachinayi. Nditawerenga kalata yanu ndinaseka kuseka kwa mkwiyo. Miyezi iwiri, makalata onsewa, ndipo chinthu chimene ndinapempha pachiyambi sichinachitike! Ndinafuna singano nyumba yonse kuti nditseke ndekha. Mwayi wake m'nyumba mwa mng'ono wa telala mulibe singano.

Kamphuno atabwera kuchokera kwa anzake ndinamupatsa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anagwira khutu. Kenaka anamununkhiza, n'kunena kuti, "Uyu akununkha sopo. Ngondo si wachikasu." Anamukankhira kunsi kwa bedi ndi ndodo yake yoyendera. Achemwali, mtima wanga unasweka. Masiku atatu sanamutchule n'komwe. Ndikamufunsa za kuchipatala amangotembenukira kukhoma.

Dzulo linali tsiku lotenga magazi komaliza asanamugoneke. Nesi anabaya, n'kuika kathonje pamkono monga mwa masiku onse, n'kumuuza kuti agwirepo. Mwana anali duu ngati kale. Koma tili m'basi ndinaona kuti dzanja lake lafumbata zolimba. Ndinati, "Wafumbata chiyani? Taya, n'zauve zimenezo." Anakana. Ndinamutsegula zala mokakamiza. Kanali kathonje kaja, atakafinya kukhala kampira, kadontho ka magazi pakati.

Ndinawerenga m'mutu maulendo amene tapita kukatengedwa magazi chiyambire matendawa. Khumi ndi anayi, wa dzulo wachikhumi ndi chisanu.

Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, timathonje timeneti umapita nato kuti?"

Anati, "Ndimampatsa Ngondo. Ine ndimangogwirizira kuwawako mpaka kunyumba, ndiye iye amandisungira." Atatero anayang'ana kathonjeko, n'kunena kuti, "Nanga lero ndimpatsa ndani?" Ndipo analira, achemwali. Kulira kumene sanalirepo zaka ziwiri zonsezi, basi yonse kutembenuka. Ine ndakhala ndikunyadira kuti ndili ndi mwana wolimba mtima, osadziwa kuti kamwana kanga kamanyamula ululu m'manja kuchokera kuchipatala mpaka kunyumba, ine ndili pambali pake ndikuyang'ana pawindo.

Titafika ndinamusiya yekha kuchipinda. Anakhala pabedi akusisima, dzanja lili chifumbatire. Patapita nthawi ndinamva ndodo ikukokera chinthu kunsi kwa bedi. Ndinasuzumira pa chitseko. Anamuika pamiyendo, Ngondoyo mutu uli pendekeke kumuyang'ana. Anamukweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, ngati munthu woopa zimene akapeze. Analowetsa kachala. Anafufuza mkatimo, milomo ikuyenda, ndikuganiza kuti amawerenga.

Kenaka anakankhiramo kathonje ka dzulo, n'kutsitsa dzanja la Ngondo, n'kundiitana.

"Amama, zonse zilimo. Ndi yemweyo, angomusambitsa."

Tinyamuka mawa m'mawa, basi ya sikisi koloko. Chikwama ndalongedza kale, koma Ngondo wakana kuti alowemo, akuti amunyamula yekha. Wandituma kuti ndikufunseni funso limodzi, ndipo ndikulemba mawu ake enieniwo osawakonza. Akuti, "Amayi aakulu anasiyamo malo okwanira? Chifukwa za mawazi ndi zambiri."

Ndamuuza kuti munasiyamo.

Ndine mng'ono wanu.